Mphete za Chitsulo m'Dziko la Lundu

Lero titsikira ku chigwa cha Shire, m'dziko la Mfumu Lundu, kuti tikambe za zokometsera thupi zosulidwa ndi chitsulo ndi mkuwa.

Chandikumbutsa nkhaniyi ndi mtsikana wina amene ndidamuona pa msika wa Nchalo. Adakhala pamthunzi, waya ali m'manja. Wayayo ankamukulunga pa msomali waukulu, nkudula timphete ting'onoting'ono, ndipo kamphete kalikonse ankakaloŵetsa mu tinzake tinayi asanakatseke ndi kambaniro. Pang'ono ndi pang'ono timpheteto tinkasanduka ngati nsalu yachitsulo, imene ankapangira zovala kumutu, ndolo ndi zam'khosi. Adandiuza kuti amachita zimenezi pongodzisangalatsa, ndi kuti adaphunzira pa intaneti. Nditamufunsa ngati makolo ake ankadziŵa luso lotere, adaseka nati, "Iyayi bambo, zimenezi n'zachizungu."

Mbali ina adanena zoona. Kalukidwe ka timphete kameneka kadayamba ku Ulaya zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo ntchito yake inali ya nkhondo. Msilikali akavala malaya a timphete, lupanga silinkamucheka msanga. Ankhondo a ku Normandy adavala malaya otere pogonjetsa England mu 1066, ndipo Dixon Denham atafika ku Bornu, kufupi ndi nyanja ya Chad, mu 1823, adapeza asilikali okwera akavalo atavala omwewo. Mfuti zitachuluka malayawo adatha ntchito, luso lake nkutsalira anthu opanga zokometsera.

Komabe mtsikana uja adalakwa poganiza kuti waya ndi mphete ndi zinthu zachilendo kuno. Mu 1960, pa malo otchedwa Ingombe Ilede m'mbali mwa Zambezi ku Zambia, anthu okumba adapeza manda akale. M'mandamo munali makoza a waya wa mkuwa pamodzi ndi zipangizo zokokera wayayo. Amisiri akalewo ankakoka mkuwa kupyola pa kabowo ka chitsulo, kenaka pa kabowo kena kochepera, kufikira utasanduka nsambo yopyapyala.

Nanga kwa Lundu kunali bwanji? Ufumu wa Lundu, umene likulu lake linali ku Mbewe ya Mitengo, unali wamphamvu kwambiri cha m'ma 1590, mpaka Muzura adaugonjetsa mu 1622 mothandizidwa ndi Apwitikizi. Ngakhale zinali choncho, Amang'anja adapitirira kutchuka ndi ntchito za manja. Miyala ya chitsulo inkakumbidwa makamaka kumapiri, ndipo a m'chigwa ankaipeza posinthana ndi mchere ndi nsalu za thonje zotchedwa machira. Miyalayo inkasungunulidwa m'ng'anjo ya dothi ndi makala ambiri. Chitsulo chikatuluka chinkapita pa chipala, pamene mnyamata ankapopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, mmisiri ali kusula ndi nyundo. Pamenepo pankatuluka makasu, nkhwangwa, mikondo, singano, komanso zibangiri za m'manja ndi zigwinjiri za m'miyendo.

David Livingstone, amene adayamba kukwera Shire mu 1859, adadabwa nazo zimenezi, ndipo adazifotokoza m'buku lake lotuluka mu 1865. Adaona anthu atavala mphete m'zala, ngakhale ku chala chachikulu, ndiponso zam'khosi, zam'mikono ndi zam'miyendo za chitsulo ndi mkuwa. Amuna ankakonza tsitsi lawo mwaluso, ena kulikhotetsa ngati nyanga za njati. Amayi ankavala pelele, mphete ya pa mlomo wam'mwamba: osauka ya nsungwi, olemera ya mnyanga wa njobvu.

Omvera anga, taganizani pamenepa. Chitsulo chinkapezeka movutikira, ndipo khasu limodzi linali chuma. Mudzi umene unkatha kupatula chitsulo china nkupangira chibangiri cha mwana wamkazi unali mudzi wa nkhokwe zodzaza, wogona tulo mosaopa. Zokometsera zija zinali umboni wa mtendere.

Mtenderewo sudakhalitse. Ogwira akapolo, monga Paul Mariano amene anthu ankamutcha Matekenya, adasakaza midzi ya kumunsi kwa Shire. Pa 16 July 1861, Livingstone ndi anzake a Bishopu Mackenzie, atakwera kuchokera kwa Chibisa, adamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame. Amuna mwa iwo anali m'goli lotsekedwa ndi kachitsulo pakhosi. Chitsulo chimene chinkakometsa khosi tsopano chinali cholimanga. Kenaka kudagwa chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, imene idapulula anthu ambirimbiri m'chigwamo. Amakololo amene adabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Maseya ndi Katunga, adatenga ulamuliro, mphamvu ya Lundu nkuchepa.

Luso la chipala silinkalembedwa m'buku. Linkakhala m'mutu ndi m'manja mwa mmisiri, ndipo mwana ankaliphunzira popopa mvukuto zaka zambiri. Mmisiri akafa ndi njala kapena kutengedwa ukapolo, nzeru zake zinkapita naye limodzi. Otsala adayesa kuutsanso moto, koma m'nthaŵi ya atsamunda makasu ndi waya za m'sitolo zidabwera zotsika mtengo, ng'anjo nkuzimiratu. Nchifukwa chake mdzukulu wa osula zitsulo angathe kunena lero, mosadziŵa, kuti mphete n'zachizungu.

Sitinena kuti achinyamata aleke kuphunzira kalukidwe ka kunja. Ayi, apitirize ndithu. Pempho lathu ndi lakuti, ngati m'nyumba mwanu muli chibangiri chakale cha agogo, musachigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Chisungeni, ndipo funsani akuluakulu dzina lake, amene adachisula ndi nthaŵi imene chinkavalidwa. Paja akale adati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amakoma pokhapokha wina atawasunga.

Mtsikana uja ndidamusiya akutseka timphete take, atalonjeza kuti akafunsa agogo ake akazi.