Mbiri ya Tiyi Woziziritsa Mtima wa ku China

Chigawo cha Guangdong, chimene chili kummwera kwa dziko la China, ndi dera lotentha ndiponso lachinyontho. Kuyambira mwezi wa Juni mpaka Sepitembala dzuwa limaswa mtengo, koma mosiyana ndi chilimwe cha ku Malawi, kutenthako kumadza pamodzi ndi mvula, kotero kuti thukuta siliuma pathupi. Usiku tulo timavuta, mutu umalemera, ndipo munthu amapsa mtima ndi kanthu kachabechabe. Kwa zaka mazanamazana anthu a m'derali akhala akulimbana ndi mavutowa pomwa madzi owawa a zitsamba zowiritsa amene amawatcha liangcha, kutanthauza kuti tiyi woziziritsa. Ngakhale dzina lake lili lotero, kawirikawiri mumphikamo simukhala tsamba la tiyi ndi limodzi lomwe, ndiponso chakumwacho chimamwedwa chikadali chofunda. Chimene eni ake amati chimazizira ndi m'kati mwa thupi ndi mumtima. Mbiri ya tiyiyu ikusonyeza kuti nzeru za makolo zimafika kwa ana zitasakanikirana ngati mphale ndi gaga, ndipo ntchito ya mibadwo yotsatira ndiyo kupeta.

Maganizo oti zitsamba zina nzozizira pamene zina nzotentha analembedwa m'mabuku zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, m'nthawi ya mafumu a banja la Han. Buku lotchedwa Huangdi Neijing linaphunzitsa kuti thupi la munthu limayendera limodzi ndi nyengo za pachaka. Nyengo yotentha inkafanizidwa ndi moto, ndipo chiwalo cholamulidwa ndi motowo chinali mtima, umene ankati ndiwo nyumba ya maganizo. Motero asing'anga ankakhulupirira kuti moto ukachuluka mumtima, munthu amasowa mtendere, amangotembenuka pamphasa usiku wonse, amamva ludzu losatha ndiponso amatuluka zilonda m'kamwa. Wolankhula Chichewa sangadabwe nawo maganizo otere, pakuti nayenso amati wokwiya wapsa mtima. Buku lina la nthawi yomweyo, Shennong Bencao Jing, linafotokoza mankhwala 365, ndipo linaphunzitsa kuti mankhwala ali m'magulu anayi: ozizira kwambiri, ozizira pang'ono, ofunda ndi otentha. Lamulo lake linali lapafupi: nthenda yotentha ichizidwe ndi mankhwala ozizira, nthenda yozizira ndi mankhwala otentha.

Nzeruzi zinazika mizu makamaka kummwera, dera limene anthu a kumpoto ankaliopa chifukwa cha malungo ndi matenda ena, mwakuti mfumu ikakwiyira nduna yake inkaipirikitsira kumeneko ngati chilango. Mmodzi mwa anthu ophunzira amene anakakhala m'derali anali Ge Hong, amene anabadwa m'chaka cha 283 ndipo anatsiriza moyo wake paphiri la Luofu. Iyeyu analemba kabuku kotchedwa Zhouhou Beiji Fang, kochepa kotero kuti munthu ankatha kukanyamula m'mkono wa malaya. M'kabukumo anasonkhanitsa mankhwala osavuta kupeza ndiponso osaboola m'thumba, pofuna kuti mmphawi wokhala kutali ndi sing'anga adzithandize matenda akamugwera mwadzidzidzi. Anthu a ku Guangdong akamalongosola chiyambi cha tiyi wawo, dzina la Ge Hong silisowa.

M'kupita kwa nthawi banja lililonse linadziwa kasakanizidwe kakekake. Pochiza mutu ndi maso ofiira ankawiritsa maluwa a chrysanthemum. Pakhosi pakamakanda ankagwiritsa ntchito maluwa a jinyinhua. Panalinso xiakucao, kachitsamba kamene dzina lake limatanthauza udzu wofota m'nyengo yotentha, komanso maluwa a frangipani, mtengo umene umapezekanso m'mabwalo a nyumba zambiri ku Malawi. Koma kwa munthu wosowa tulo ndi wosakhazikika maganizo, mankhwala otchuka anali kamphukira kobiriwira kopezeka pakati pa njere ya lotus, duwa la m'madzi lofanana ndi kakombo. Kamphukiraka nkowawa zedi, ndipo asing'anga ankati ndiko kamazima moto wa mumtima. Tiyi wina, wosakaniza zitsamba zambiri, amatchedwa wa zokometsera 24, ngakhale kuti chiwerengero chenicheni chimasiyana malinga ndi wophika. Ameneyu ndiye wowawa kuposa onse, ndipo akuluakulu ankawauza ana kuti kuwawako ndiye umboni wa mphamvu yake.

Tiyiyu anatuluka m'khitchini nkulowa pamsika m'zaka za m'ma 1800. Kuyambira 1757 mpaka 1842, mzinda wa Guangzhou ndiwo unali doko lokhalo la ku China kumene amalonda a ku Ulaya ankaloledwa kuchita malonda. Pachifukwa ichi mumzindamo munadzaza amtengatenga, opalasa mabwato ndi antchito ena ogwira ntchito yakalavula gaga padzuwa. Anthu amenewa analibe ndalama zolipira sing'anga, ngakhalenso nthawi yokhala pamoto kuwiritsa zitsamba. Apa mpamene panatchuka dzina la Wong Lo Kat, limene mbiri yake imayambira m'chaka cha 1828, ndipo mwini wake anali sing'anga wa zitsamba, Wong Chat Bong. Masitolo a tiyiyu anachuluka, ndipo ankadziwika ndi mitsuko ikuluikulu yamkuwa youmbidwa ngati chikho. Munthu ankafika, nkunena chimene chikumuvuta, nkugugudiza mbale imodzi ali chiimire, kenaka nkubwerera kuntchito.

Nthawi imene masitolowa anaonetsa bwino phindu lawo pa nkhani ya nkhawa inali ya m'ma 1950 ndi 1960 ku Hong Kong, dera limene linali m'manja mwa Angerezi. Chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni ndi kusintha kwa boma ku China m'chaka cha 1949, anthu othawa kwawo anakhamukira kumeneko. Chiwerengero cha anthu chinakwera kuchoka pa 600,000 m'chaka cha 1945 kufika poposa 3 miliyoni m'chaka cha 1961. Ambiri ankakhala m'zisakasa za matabwa ndi malata m'mbali mwa mapiri, ndipo pa 25 Disembala 1953 moto unapsereza zisakasa za ku Shek Kip Mei nkusiya anthu oposa 50,000 alibe pogona. Anthu otere anali ndi zifukwa zokwanira zosowera tulo: abale anatsala kumudzi, ntchito inali yosadalirika, ndipo banja lonse linkapanikizana m'kachipinda kamodzi kotentha ngati ng'anjo.

Tsono eni masitolo a tiyi anaika mipando, wayilesi, ndipo pambuyo pake wayilesi yakanema, zinthu zimene mmphawi sakanatha kugula. Ndi kandalama ka mbale imodzi, munthu ankakhala pamthunzi, nkumvera sewero la pawayilesi, nkucheza ndi anzake olankhula chinenero cha kwawo. Apa pakuoneka kuti mtendere umene anthu ankaupeza sunali m'zitsamba mokha ayi. Unalinso m'kupuma, m'kumwa madzi owiritsa amene anabwezera thukuta lotayika, ndiponso m'kuuzana mavuto, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu atayamba kukhala ndi wayilesi zakanema m'nyumba zawo, ndipo zipatala za boma zitachuluka, machezawo anazilala. Ngakhale zinali choncho tiyiyo sanafe. M'chaka cha 2006 boma la China linamuika pamndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa, ndipo amagulitsidwanso m'zitini, atathiridwa shuga wambiri kuti kuwawa kuja kubisike.

Nanga asayansi atapeta nzeruzi anapezamo chiyani? Mphale yoposa zonse inachokera ku chitsamba chotchedwa qinghao, chimene mabuku akale ankachiika m'gulu la zochotsa kutentha. Pa 23 Meyi 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili m'kati, boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofunafuna mankhwala atsopano a malungo, poti tizilombo tinali titayamba kupima mphamvu ndi chloroquine. Mayi Tu Youyou, amene anayamba kutsogolera gulu lina la ofufuza m'chaka cha 1969, anayesa qinghao koma zotsatira zake zinali zosadalirika. Atabwerera ku kabuku ka Ge Hong kaja anaona kuti mkuluyo sanalangize zowiritsa chitsambachi, koma kuchiviika m'madzi, kuchifinya ndi kumwa msuziwo. Pamenepo anaganiza kuti mwina moto ndiwo unkaononga mphamvu yake. M'mwezi wa Okutobala 1971 gulu lake linayenga chitsambacho popanda kutentha kwambiri, ndipo chimene anapeza chinapha tizilombo tonse ta malungo mu mbewa zoyeserapo. Umu ndi mmene anatulukira artemisinin, ndipo mayiyu analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015. Mankhwala a LA, amene dziko la Malawi linawasankha m'chaka cha 2007 kuti akhale oyamba pochiza malungo, mbali yake ina imapangidwa kuchokera ku artemisinin yemweyu.

Komatu m'lichero lomwelo munalinso gaga woopsa. Mapiritsi ena achikale ochotsa kutentha ankapangidwa ndi tsinde la chomera chotchedwa guanmutong. Zinadziwika kuti chomerachi chili ndi poizoni amene amaononga impso pang'onopang'ono ndiponso amayambitsa khansa. Anthu ambiri amene ankamwa mapiritsiwo mokhulupirika pofuna kuzima moto m'thupi anadwala impso, ndipo m'chaka cha 2003 boma la China linaletsa kugwiritsa ntchito chomeracho ngati mankhwala. Ngakhale qinghao yemwe, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza m'chaka cha 2019 kuti kumwa madzi a masamba ake pochiza malungo nkosayenera, chifukwa mphamvu yake sikhala yokwanira kupha tizilombo tonse, ndipo totsalato tingathe kuzolowera mankhwala.

Pa nkhani ya kuzizira kwenikweniko, sayansi inafotokozanso chinsinsi china. M'chaka cha 2002 ofufuza anapeza kuti menthol, amene amapezeka m'masamba a mint, amadzutsa mitsempha yomweyo imene imamva kuzizira pakhungu ndi pakamwa. Choncho womwa amamva ngati wazizidwa, chikhalirecho kutentha kwa thupi lake sikunatsike. Nzoona kuti kutentha kumasokoneza tulo ndipo kumachititsa anthu kukwiya msanga, monga momwe akale anaonera. Koma umboni woti tiyi woziziritsa amachiza nthenda ya nkhawa ngwochepa, kotero kuti munthu amene nkhawa yamukhalitsa kwa milungu yambiri, mpaka kumulepheretsa kudya, kugona kapena kuphunzira, malo ake ndi kuchipatala.

Paja akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a Ge Hong anagonera zaka zoposa 1,600 asanapeze munthu wowawerenga mofatsa ndi kuwayesa mu labotale, ndipo zipatso zake zapulumutsa miyoyo ya anthu miyandamiyanda, kuphatikizapo ana a m'midzi ya ku Africa. Mayi Tu Youyou akananyoza kabuku kakaleko, sakanapeza njira. Akanakakhulupirira osakayesa, sakanapeza mankhwala. Nawo asing'anga a ku Malawi amasunga nzeru zambiri za mizu, makungwa ndi masamba, ndipo zambiri mwa izo zikudikirabe wophunzira woleza mtima amene adzazilembe, adzaziyese, nasiyanitse chochiritsa ndi chopha.