Nkhuku ndi Njuchi m'Mbiri ya kwa Mbenje

Dziko la Mfumu Mbenje lili m'chigwa cha Shire, m'boma la Nsanje, kumene kuli Bangula ndi Sorgin. Ndi dziko lotentha, la nthaka yachonde. Koma mvula yake ndi yosadalirika. Chaka china dzuwa liwotcha mbewu, chaka china madzi azikokolola. Pofotokoza mbiri ya chigwachi anthu amakonda kutchula thonje, njanji ndi mafumu otchuka. Koma pali zinthu ziwiri zazing'ono zimene zakhala zikuchirikiza mabanja pa masiku oipa: nkhuku ya pakhomo ndi njuchi ya mumng'oma.

Eni dziko akale ndiwo Amang'anja. M'chaka cha 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert. Iye anapeza midzi yambiri, anthu akulima mapira, akuwomba nsalu za thonje lawo, ndi kusula makasu. Sitima ikaima, anthu ankadza ndi ufa ndi nkhuku kudzasinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda. Kotero nkhuku inali kale ngati ndalama, ndalama zisanafike.

Ntchito ya nkhuku siinali ndiwo yokha ayi. Mlendo wolemekezeka akafika, ankamgwirira nkhuku, pakuti akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wolakwira mnzake ankapepesa ndi nkhuku pabwalo la mfumu, mlandu nuutha. Ndipo kuiweta sikunali kovuta. Masana inkadzifunira yokha chiswe ndi ziwala, madzulo mayi nkuiwazira gaga pang'ono. Thadzi likafungatira mazira masiku 21, pakhomo pankadzaza anapiye. Mwana wopatsidwa msoti umodzi ndi agogo ake ankatha kudzagula mbuzi m'tsogolo.

Njuchi zinali ntchito ya amuna. Ena ankatsata kambalame kamene kamalondolera munthu ku mphako ya uchi. Ena ankasenda khungwa la mtengo waukulu, nalipinda kukhala mng'oma, naupachika pamwamba kuti chiuli chisafikepo msanga. Pofula ankapita usiku ndi muuni wa moto, utsi nuzigonjetsa njuchi. Uchi unali shuga wa makolo, unalinso mankhwala a chifuwa ndi zilonda.

Mtendere uja sunakhalitse. M'zaka za 1862 ndi 1863 kunagwa chilala choopsa, pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo. Anthu ambiri anafa, kotero kuti Azungu a mishoni amene anali kwa Chibisa ankaona mitembo ikuyandama pa Shire. Midzi yambiri inasanduka mabwinja. Otsala anayambanso moyo ndi zochepa: mbewu za m'manja, khasu, ndi kachiweto kotha kunyamulika pothawa. Pambuyo pake kunadza Asena kuchokera ku Zambezi, m'dziko la Apwitikizi, makamaka pa nthawi ya nkhondo ya Makombe mu 1917. Iwonso anamanga midzi yawo kwa Mbenje ndi madera oyandikana nawo, nakhala pamodzi ndi Amang'anja kufikira lero.

Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, linaika msonkho wa nyumba. Kwa zaka zingapo msonkhowo unali masheleni atatu pa chaka. Tsono ndalama munthu wa kumudzi akaipeza kuti? Ena anapita kukagwira ntchito kutali, ena analima thonje. Koma ena anatenga nkhuku ndi mazira kukagulitsa ku madoko a Chiromo ndi Port Herald, dzina lakale la Nsanje. Phula la njuchi, limene kale ankangolitaya, linapeza msika, pakuti kunja ankapangira makandulo ndi mankhwala opukutira nsapato. Phula linakhala limodzi la malonda amene Nyasaland ankatumiza kunja pa zaka zimenezo.

Komabe ziweto ziwirizi zinali ndi adani ake. Mdani wamkulu wa nkhuku si mphamba kapena vumbwe, koma chitopa. Nthenda imeneyi imadza kawirikawiri m'chilimwe, ndipo pa masiku owerengeka makola a mudzi wonse amatsala pululu. Azungu amaitcha Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene inazindikiridwa cha m'ma 1926. Pofuna kuti anthu akhale ndi nkhuku zazikulu ndi zoikira mazira ambiri, Boma linayamba kugulitsa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene anthu amazitcha za Mikolongwe potengera malo kumene zinkaswedwa. Koma chitopa sichisankha mtundu. Chithandizo chenicheni chinadza ndi katemera wotchedwa I-2, amene anayambira ku Australia ndipo amapangidwanso ku Lilongwe. Ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pa chaka. Katemerayu safooka msanga ndi kutentha, nchifukwa chake ayenerana ndi chigwa cha Shire.

Mdani wa njuchi anali munthu mwini. Mtengo wosendedwa khungwa umauma, ndipo moto wa ofula uchi unkatentha tchire. Anthu atachuluka, mitengo inatha ndi nkhwangwa ndi makala, njuchi nizisowa maluwa. Nkhalango zazikulu zinatsala m'malo otetezedwa monga Mwabvi ndi Matandwe. Cha m'ma 1970 ku Kenya anapanga mng'oma wa matabwa wokhala ndi timitengo pamwamba, pamene njuchi zimamangapo zisa zake. Mwini amatukula kamtengo kamodzikamodzi, natenga uchi wokhwima, nasiya ana a njuchi osawapha. Mng'oma wotere unafikanso ku Malawi, ndipo mlimi wa njuchi anasanduka mlonda wa mitengo, pakuti popanda mtengo palibe uchi.

Madzi nawo sanaleke kuyesa anthu. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo anasefukira, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku misasa ya ku Bangula. Zinachitikanso mu 2019 ndi namondwe Idai, mu 2022 ndi Ana, ndiponso mu 2023 ndi Freddy. Nkhokwe zinapita, minda inakwiririka ndi mchenga. Pobwerera kumudzi, banja silingagule ng'ombe tsiku lomwelo. Limayamba ndi msoti wopempha kwa mbale wa kumtunda, monga anachitira makolo itatha njala ya 1863.

Chifukwa chake nkhuku ndi njuchi siziyenera kupeputsidwa. Khola lomangidwa pamwamba, katemera pa nthawi yake, ndi mtengo wosiyidwa kuti uchite maluwa, ndizo zimene zimasunga chuma chaching'onochi. Pa tsiku la msonkho, la matenda kapena la njala, banja limene linazisamala silipita kwa anansi chimanjamanja.