Abale Awiri pa Bwalo la Kiriketi

Lero tikamba za Oswald Cornwallis, amene anabadwa m'chaka cha 1894 ku Linton, m'dera la Kent ku England. Atate wake anali mwini minda yaikulu, ndipo mu 1927 anapatsidwa ulemu wa Lord. Oswald analowa usilikari wa pamadzi, nakwera kufikira udindo wa Kaputeni. Anadziwanso kiriketi, ndiwo masewera omenya mpira ndi thabwa.

M'mwezi wa May 1921 a Hampshire anamsankha kuti awasewerere popikisana ndi Kent ku Southampton. Tsono ku mbali ya Kent kunali mkulu wake, Stanley. Masewera ali mkati, unafika uthenga wakuti mkulu wao wa onse, Fiennes, waphedwa ku Ireland, kumene kunali nkhondo yofuna ufulu. Abale awiriwo anasiya mpikisano nachoka, pakuti chibale ndi fupa, sichiola.

Dzina la Oswald linalembedwa m'buku la masewerawo, koma sanamenye mpira ngakhale kamodzi, ndipo sanasewererenso Hampshire. Anamwalira m'chaka cha 1974. Tsalani bwino.