Mmene Batire la Galimoto Lidaloŵera M'nyumba za ku Kaliyeka

Pakati pa zipangizo zimene zathandiza anthu a m'makomboni a mzinda wa Lilongwe pali chimodzi chimene olemba mbiri sachitchula kaŵirikaŵiri. Chimenechi ndi bokosi lolemera pafupifupi ngati ndowa yodzaza madzi, lokhala ndi mitu iŵiri ya mtovu pamwamba pake. Ku Kaliyeka, monganso ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25, batire la galimoto lakhala likuliza wailesi, kuyatsa getsi, kuyendetsa makina ometera ndiponso kutchaja mafoni m'nyumba za anthu amene sadakhalepo ndi galimoto chibadwire. Komatu amene adalipanga sadalipangire ntchito zimenezi, ndipo mavuto ambiri amene eni mabatire akhala akukumana nawo gwero lake ndi lomweli.

Batire la mtundu umenewu adalitulukira ndi Gaston Planté, katswiri wa ku France, m'chaka cha 1859. Iye adakulunga pamodzi mapepala aŵiri a mtovu, osalola kuti akhudzane, naŵamiza m'madzi osakaniza ndi asidi. Limeneli ndilo lidali batire loyamba lotheka kulidzazanso mphamvu likatha. M'chaka cha 1881 Camille Faure adapeza njira yomata phala la mtovu pa timbale ta m'katimo, ndipo kuyambira pamenepo mabatire adayamba kupangidwa ochuluka m'mafakitale. Ukwati wa batire ndi galimoto udamangidwa mu 1912, pamene kampani ya Cadillac ku America idaika m'galimoto zake makina olizira injini amene adakonza Charles Kettering, kotero kuti dalaivala adaleka kupukusa injini ndi chitsulo. Ntchito ya batire m'galimoto ndi ya kamphindi chabe. Limatulutsa mphamvu yaikulu nthaŵi imodzi, injini nkulira, ndipo pomwepo injiniyo imayamba kulibwezera zimene lataya. Nchifukwa chake timbale take timakhala tambiri koma topyapyala. Batire lotere silidziŵa njala.

Wailesi zoyamba kufika m'manja mwa anthu wamba m'chigawo chino sizinkadalira batire la galimoto. Wailesi yotchuka ija yooneka ngati sefuliya, Saucepan Special, imene idayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka, inkayendera batire lalikulu louma, limene likatha linkangotayidwa. Itakhazikitsidwa MBC mu 1964, wailesi zing'onozing'ono, monga zija za Nzeru zimene zinkalumikizidwa ku Blantyre, zinkadya mabatire a tochi. Batire la galimoto lidaloŵera khomo lina, la gumbagumba wa pa ukwati ndi pa moŵa, pakuti chilimba chofuula usiku wonse sichikadatheka ndi mabatire a tochi.

Chimene chidalisandutsa katundu wa m'nyumba ndi kukula kwa Lilongwe. Bungwe lomanga likulu latsopano, Capital City Development Corporation, lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 likulu la dziko lidasamuka ku Zomba. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 m'tauniyi. Wa 1977 adapeza pafupifupi 99,000. Wa 2018 adapeza oposa 989,000. Magetsi ochokera pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, adayamba mu 1966, koma mapolo ndi mawaya sizidathe kuthamanga liŵiro la njerwa. M'malo ngati Kaliyeka nyumba zidathithikana, zambiri za lendi, ndipo sichidali chachilendo kuona nyumba imodzi ili ndi mita pamene zoyandikana nazo zikuyatsa koloboyi. Itatsegulidwa Television Malawi mu 1999, tiwailesi takanema tosaonetsa mitundu, toyendera ma volt 12, tidafala m'makomboni. Posakhalitsa padabwera mafoni a m'manja, malo oonetsera mafilimu ndi timashopu tometera. Pamenepo padabadwa ntchito yatsopano: munthu wokhala ndi magetsi a ESCOM ankagula tchaja, nakhoma thabwa m'kachipinda, ndipo anzake ankamubweretsera mabatire pa njinga kapena pa wilibala, lililonse litalembedwa dzina la mwini wake ndi penti.

Apa mpamene batire lidaphunzira njala. M'kati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka ma volt 2.1, ndipo likakhala lodzaza bwino limaonetsa ma volt 12.6. Pamene likugwira ntchito, asidi amagwirana ndi mtovu nkupanga zoyera zimene zimamatirira pa timbale. Likatchajidwa msanga, zoyerazo zimasungunuka nkubwerera m'madzi. Koma likakhala masiku lili lopanda mphamvu, zimauma gwa, ndipo palibe tchaja imene ingazichotse zonse. Tsono onani mmene zinkakhalira m'nyumba zambiri. Banja linkaonera kanema mpaka chithunzi chitayamba kufota, kenaka nkusamutsira batire ku wailesi kuti lifinyidwe madontho otsiriza, pambuyo pake nkuliika pakona kudikira ndalama za kumapeto kwa mwezi. Batire limene m'galimoto likadakhala zaka zitatu kapena zinayi linkafa chaka chisanathe, makamaka poti ambiri ankagula lotsika kale m'galimoto. Mlandu unkagwera wotchaja kapena wogulitsa. Lamulo limene amisiri amagwirizana nlakuti batire lisamatsike kupitirira theka, ndiye kuti ma volt 12.2 poliyesa litapuma, ndiponso kuti lisagone masiku lisanatchajidwe.

Nawonso otchaja sadali opanda chifukwa. Matchaja akale, ena opangidwa ndi amisiri omwewo amene amakulunga makina owotcherera zitsulo, adali thiransifoma ndi kachipangizo kowongola magetsi basi. Tchaja yotere siidziŵa kuti batire lakhuta. Imangothirabe mpaka munthu ataizimitsa. Muyeso woyenera ngwakuti mphamvu yoloŵa ikhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa batire. Batire lolembedwa 70 Ah lifunika ma amp 7, ndipo ngati lidatsika kwambiri lidzafuna maola oposa khumi. Koma mwini batire ankalifuna madzulo omwewo kuti aonere mpira, mabatire ena ali pamzere, magetsi nawo osadalirika. Motero wotchaja ankakweza mphamvu. Batire linkatentha, madzi ake nkumabwata, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti kubwatako ndi umboni wakuti ladya bwino. Zoona zake nzakuti madzi ankaphwa, timbale nkupindika, phala la Faure lija nkumayoyokera pansi.

Matchaja a masiku ano amene amadzilamulira okha adathetsa vuto limeneli pogaŵa ntchito patatu. Poyamba amathira mphamvu yokhazikika, kenaka amaima pa ma volt 14.4 kapena pafupi pamenepo mphamvu yoloŵa ikucheperachepera, ndipo batire likadzaza amatsikira pakati pa 13.5 ndi 13.8 kungolisunga. Wofuna kugula tchaja ayenera kuyamba waŵerenga zolembedwa pa batire lake, pakuti tchaja ya ma volt 24, ya malole, idzapha batire la 12, ndipo ya ma amp 30 njaikulu kwambiri kwa batire la m'nyumba. Afunsenso ngati imadzitsitsa yokha, ngati ili ndi fyuzi, ndiponso ngati imakana kugwira ntchito mawaya akasemphanitsidwa. Mabatire omata, opanda zitsekerero zothirira madzi, ndiwo safuna nkomwe tchaja yakale ija, chifukwa madzi amene ataya sangabwezeredwe. Tchaja yabwino njokwera mtengo, komabe mtengo wake kaŵirikaŵiri suposa wa batire limodzi latsopano la m'nyumba.

Pali ngozi ina imene siipereka chenjezo. Batire likamatchajidwa, makamaka chakumapeto, limatulutsa mpweya wa hydrogen, wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umaphulika ukangofika magawo 4 pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda. Kachipinda kopanda zenera, kokhala ndi mabatire khumi pa thabwa, nkokwanira kupanga tsoka pamene wina waloŵa ndi kandulo magetsi atazima, kapena ndi ndudu kukamwa, kapena waika mbaula pakhomo. Choopsa koposa ndi chizoloŵezi chakale choyesa batire pokhudzitsa waya ku mitu yake iŵiri kuti aone ngati lithetheka. Amene amachita zimenezi amakhala ataŵeramira batire longochoka kumene pa tchaja, nkhope ili pamwamba penipeni pa mpweyawo. Kamita koyesera ma volt kamapezeka m'masitolo a zamagetsi ndipo sikathetheka. Polumikiza, tchaja iyambe yazimitsidwa pa khoma, chopanira chofiira chipite ku mutu wa +, chakuda ku mutu wa −, ndipo pamenepo mpamene iyatsidwe. Pochotsa, iyambenso yazimitsidwa. Asidi akagwera m'maso, munthu atsukidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka athamangire naye kuchipatala.

Za madzi nzachidule. Chimene chimaphwa m'batire ndi madzi okha, asidi amatsala, choncho chobwezeramo ndi madzi a batire ogula, otchezedwa, mpaka timbale titamira pang'ono. Madzi a pachitsime kapena a pampopi ali ndi mchere umene umaononga timbale, ndipo kuthiramo asidi wina, monga ena amachitira poti alidzutse, kumangofulumiza imfa yake. Kutentha nakonso ndi mdani: kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umadulidwa pakati, ndipo aliyense akudziŵa mmene nyumba ya malata yopanda siling'i imakhalira mwezi wa Okutobala. Koma zija zakuti batire likakhala pa simenti limatha mphamvu nzochokera m'masiku a mabokosi a matabwa ndi a mphira. La pulasitiki silitero.

Zaka zapitazi batire laloŵanso m'nyumba zokhala ndi mita. Mu 2016 ndi 2017 madzi adachepa m'nyanja ya Malaŵi ndi mu Shire, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Mabanja ambiri adagula inveta ndi sola. Tsoka lake nlakuti cholakwa chakale chidabweranso chitavala malaya atsopano: sola yolumikizidwa ku batire mwachindunji, popanda kabokosi kolamulira mphamvu pakati, ndi tchaja yosadziŵa kuima, yoyaka tsiku lililonse dzuŵa likatuluka. Pa ntchito ya m'nyumba pali mabatire a timbale tochindikala, opangidwira kutsika ndi kudzazidwa kambirimbiri, ngakhale nawonso amakhalitsa akamapanda kupitirira theka.

Nkhani ya kutchaja siithera m'thumba la mwini batire. Banja limene batire lake limafa chaka ndi chaka limataya mabatire atatu pa nthaŵi imene likadataya limodzi, ndipo koposa theka la kulemera kwa batire lililonse ndi mtovu. Ofufuza a ku University of Manchester, amene adayendera midzi yozungulira mzinda wa Lilongwe ndi kufalitsa zimene adapeza mu 2024, adaona amisiri akuswa mabatire akufa, kusungunula mtovu pa makala ndi kuumbanso timbale, pakati pa nyumba za anthu. Iwo adaŵerengera kuti batire limodzi lokonzedwa motere limamwaza mtovu woposa makilogalamu atatu. Mtovu umaloŵa m'thupi ngati fumbi ndi utsi, ndipo mwa ana umaononga ubongo mwakachetechete, mwana nkumangooneka wosagwira za kusukulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosaopsa. Nchifukwa chake batire lakufa liyenera kusungidwa chilili, lotsekedwa, kutali ndi ana, ndipo lisaswedwe pakhomo kapena kukhuthulidwa asidi m'ngalande.

Ku Thiaroye-sur-Mer, komboni ya mumzinda wa Dakar ku Senegal, anthu adaswa mabatire kwa zaka zambiri. Mtengo wa mtovu utakwera, amai adayamba kusefa dothi la m'deralo kuti atolemo tizidutswa togulitsa, ena akuchitira ntchitoyi m'makomo mwawo, ana ali pambali. Pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kuchiyambi kwa 2008 ana 18 adamwalira, ndipo padafunika kukumba ndi kuchotsa dothi la m'makomo. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zoposa makumi aŵiri madokotala ankapezabe mtovu wochuluka m'magazi a ana amene adabadwa mgodiwo utatsekedwa kale.