Tsabola Anafika Kale, Ubwenzi Ndi Umene Unachedwa

M'Chichewa, ubwenzi ndi chibwenzi zimasiyana pa timalembo toyambirira tokha. Chotsani "u", ikanipo "chi", ndiye kuti anthu amene dzulo ankabwerekana manotsi lero ayamba kuzemba anzawo. Pali mabuku achikondi amene nkhani yake yonse imayenda pakati pa mawu awiriwa: anthu awiri amayamba ngati mabwenzi wamba, kenako n'kukondana, ndipo wolemba satseka chitseko akafika kuchipinda. Owerenga pa intaneti amayeza kutentha kwa mabukuwa ndi tizithunzi ta tsabola: kamodzi ndiye kuti mutha kuwerengera m'minibasi, tisanu ndi kambuzi weniweni. Ine ndimakonda kwambiri amene okondanawo ndi osiyana mtundu, khungu kapena chipembedzo. Anzanga ena amati chachilendo m'mabukuwa ndi tsabolayo. Ndikutsutsa. Mbiri ikuonetsa kuti tsabola anafika kalekale. Chimene chinachedwa ndi ubwenzi.

Nkhani ya mabwenzi osanduka okondana payokha si yatsopano. Mu Emma, buku la Jane Austen la 1815, mtsikana amazindikira mochedwa kuti mwamuna amene akumufuna ndi Knightley, mnzake wa banja lawo amene wakhala akumudzudzula kuyambira ali mwana. Koma onani kuti awiriwa ndi a dera limodzi, mpingo umodzi, onse opeza bwino, ndipo mng'ono wake wa Knightley anakwatira mkulu wake wa Emma. Kwa zaka zoposa zana limodzi, olemba a ku Ulaya ankasungira ubwenzi wotere anthu ofanana. Mlendo ankapatsidwa gawo lina.

Gawolo tikuliona bwino mu The Sheik, buku la E. M. Hull la 1919. Diana Mayo, mtsikana wa ku England, akuyenda m'chipululu cha Algeria pamene Ahmed Ben Hassan, mfumu ya Aluya, akumuba, kumutsekera m'tenti ndi kumugwirira. Patapita nthawi Diana akuyamba kumukonda. Bukuli linayenda malonda kwambiri, ndipo mu 1921 analipangira filimu imene inatchukitsa Rudolph Valentino. Kumapeto kuli chinyengo chimene chimaulula maganizo a nthawiyo: Ahmed si Mluya n'komwe. Bambo ake ndi nduna ya ku England, mayi ake ndi a ku Spain. Wowerenga ankaloledwa kulakalaka mlendo masamba onse, koma pofika pa ukwati mlendoyo anayenera kusanduka mzungu. Kampani ya Mills & Boon, imene inayamba ku London mu 1908, pambuyo pake inapeza phindu lalikulu pa mafumu a m'chipululu otere.

Zimenezi sizinali za m'mabuku mokha. Atsamunda sankaopa kwenikweni kugonana kwa anthu osiyana khungu, chifukwa iwo eni ankachita. Mu 1909 nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Lord Crewe, inachita kulemba kalata yachinsinsi yochenjeza akuluakulu a boma kuti asiye kusunga akazi a m'maikomo ngati adzakazi. Ku Southern Rhodesia, kumene agogo athu ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, lamulo la 1903 linkalanga mwamuna wakuda wogona ndi mkazi wachizungu, koma silinakhudze mzungu wogona ndi mkazi wakuda. Chilakolako chinkaloledwa malinga ngati chikutsikira pansi, kuchoka kwa bwana kupita kwa wantchito. Choopsa chinali kufanana.

N'chifukwa chake nkhani ya Seretse Khama ndi Ruth Williams inagwedeza maboma. Anakumana ku London mu 1947 pa dansi, iye ali wophunzira zamalamulo ndi wolowa ufumu wa Abamangwato, mkaziyo ali kalaliki. Onse ankakonda nyimbo za jazi. Anakwatirana mu 1948. Boma la South Africa, limene mu 1949 linaletsa ukwati wa azungu ndi anthu a mitundu ina, linakakamiza Britain, ndipo Seretse analetsedwa kukhala kwawo mpaka 1956. Akanamusunga Ruth mobisa, kapena mzungu akanasunga mkazi wa Chitswana kuseri kwa nyumba, palibe nduna ikanataya tulo. Cholakwa chawo chinali kuyenda limodzi masana ngati anthu ofanana. Ku America malamulo oletsa maukwati otere anathetsedwa ndi khoti lalikulu mu 1967, ndipo ku South Africa mu 1985. Makolo a ambiri a ife anali atabadwa kale.

Tsabola m'mabuku anapitiriza kuwonjezeka osadikira zonsezi. Mu 1972 kampani ya Avon inasindikiza The Flame and the Flower la Kathleen Woodiwiss, buku limene ambiri amati ndi limene linatsegula chitseko cha kuchipinda m'mabuku achikondi a ku America. Nalonso limayamba ndi mwamuna kugwirira mtsikana amene adzamukwatire. Koma kuti munthu wakuda angokhala mwininkhani zinatenga nthawi ina. Mu 1980 mkonzi wakuda, Vivian Stephens, anatulutsa Entwined Destinies la Elsie Washington, amene analemba pa dzina loti Rosalind Welles, ndipo okondana onse awiri anali akuda. Mu 1995 Sandra Kitt anatulutsa The Color of Love, nkhani ya mkazi wakuda wa ku New York ndi wapolisi wachizungu. Taonani ndondomekoyi: zakuchipinda zinalowa msanga, munthu wakuda analowa pambuyo, ndipo chikondi cha anthu osiyana khungu koma ofanana ulemu chinabwera pomaliza.

Kuno kwathu mabuku a Mills & Boon ankayenda m'manja mwa ana asukulu za sekondale, ena atakutidwa ndi nyuzipepala, pa nthawi imene lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku ndi mafilimu. Mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan inayamba mu 1977, anaonetsa achinyamata a muno mu Africa kuti chikondi cha m'buku chingachitikire ku Lagos kapena ku Nairobi. Ndipo James Ng'ombe, mu Sugarcane with Salt la 1989, anatipatsa Khumbo, dokotala wobwerera kumudzi kuchokera ku England ali ndi chibwenzi chachizungu. Kumeneko chikondi chodutsa malire ndi mtolo wolemera umene banja lonse liyenera kusenza. Si nthabwala, ndipo si maloto.

Tsopano yerekezani The Sheik ndi Take a Hint, Dani Brown, buku la Talia Hibbert la 2020. Dani ndi mkazi wakuda wa ku Britain amene akuchita digiri yaudokotala. Zafir Ansari, wa banja lachisilamu lochokera ku Pakistan, anali katswiri wa mpira wa rugby ndipo tsopano ndi mlonda pa nyumba ina ya payunivesitepo. Bukuli likamayamba awiriwa ndi mabwenzi kale, ozolowera kusereulana m'mawa uliwonse. Amene amawerenga mabuku achikondi ndi mwamunayo, amene amathawa zolowa m'chikondi ndi mkaziyo. Tsabola alimo wambiri, koma palibe wobedwa, palibe wokakamizidwa, ndipo kumapeto palibe amene akusanduka mzungu kuti nkhani ithe bwino. Pakati pa mabuku awiriwa pali zaka 101.

Ubwenzi umasintha ntchito ya wolemba. Munthu amene wakubera m'chipululu safunika kumudziwa, amangofunika kukhala wamtali ndi wa maso oopsa. Koma mnzako umadziwa dzina la mayi ake, chimene sadya, tsiku limene amapita kumanda kukaona bambo ake, nthabwala imene imamupweteka. Wolemba akati awiriwa anali mabwenzi, wadzikakamiza kupanga mlendoyo kukhala munthu wathunthu asanamuvule malaya. Ngakhale zakuchipinda zimasintha, chifukwa anthu ozolowera kulankhulana amafunsana, amaseka, ndipo wina akati ayi zimathera pomwepo. Komanso pali chimene angataye. Chibwenzi chikatha, ubwenzi uja umabwerera kawirikawiri?

Sindikunena kuti mzimu wa Ahmed Ben Hassan unagona. Mabuku ambiri a lero amatenga chikhalidwe cha winayo ngati zokometsera ndiwo: chakudya chachilendo, nsalu yowala, agogo olankhula miyambi, basi. Mafumu a m'chipululu akugulitsidwabe. Ndipo pafupifupi onse amene timawapeza pa mafoni athu ndi a m'Chingerezi, ochitikira ku London kapena ku New York, ngati kuti malire ali kumeneko kokha. Chonsecho m'mahositelo athu momwemu muli mnyamata wa ku Rumphi, kumene amapereka lobola ndipo ana ndi a kuchimuna, amene amawerenga limodzi ndi mtsikana wa ku Mulanje, kumene mkamwini amakamanga kwa mkazi. Muli Msilamu wa ku Mangochi ndi Mkatolika wa ku Dedza amene amasungirana malo mulaibulale. Awiri otere akasintha "u" kukhala "chi", mafunso amafika asanafike ankhoswe: ana adzakhala a yani, adzapemphera kuti, maliro adzakaikidwa kuti. Nkhani zimenezi zikudikira wolemba, ndipo ndikufuna kudzaziwerenga m'Chichewa, tsabola wake ali momwemo.

Pakadali pano, buku lililonse lotere ndimaliyeza ndi funso limodzi: nditachotsa masamba onse akuchipinda, kodi awiriwa angakhalebe ndi chokambirana? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti ndi tenti ija ya 1919 yongosinthidwa chikuto. Ngati ndi inde, ndikuwerenga chinthu chimene maboma ena ankachiletsa ndi malamulo mpaka 1985, ndipo sindiona chifukwa chochikutira ndi nyuzipepala.