Mlandu wa Windo Lokhala M'chipinda China

M'chaka cha 1986, akatswiri awiri a ku Xerox PARC, a Austin Henderson ndi a Stuart Card, poona kuti mawindo ankaunjikana pa sikirini mpaka munthu kutha nthawi yake akufukula m'malo mogwira ntchito, anakonza njira yomwe anaitcha Rooms, yakuti ntchito iliyonse ikhale ndi chipinda chakechake chokhala ndi makomo opita ku zipinda zinzake. Nzeru imeneyi inafalikira m'makompyuta a Unix, ndipo a Tom LaStrange anaikuza m'mapulogalamu awo a swm ndi tvtwm.

Mlandu weniweni unabuka pamene taskbar, mzere uja wa mabatani umene Windows 95 inautchukitsa, inalandiridwa m'makompyuta a Unix ndi gulu la KDE mu 1998 ndiponso la GNOME mu 1999, pakuti tsopano batani linkaoneka pamaso pa munthu pamene windo lake lili pa desktop ina, ndiko kuti m'chipinda china. Akadina, kodi munthuyo anyamuke alitsatire, kapena windolo lizulidwe pamalo pake libwere kwa iye?

Popeza mutu umodzi susenza denga, amisiri a magulu awiriwa pamodzi ndi anzawo anagwirizana pangano lotchedwa EWMH. M'panganomo taskbar siigwira windo ndi dzanja lake. Imangotumiza uthenga wa _NET_ACTIVE_WINDOW ku pulogalamu yoyang'anira mawindo, ndipo pambuyo pake uthengawo unapatsidwa chizindikiro: nambala 1 ngati wopempha ndi pulogalamu, nambala 2 ngati pempho lachokera ku taskbar kapena chida china chomvera dzanja la munthu. Ine ndimati pamenepa ndi pamene anaweruza mwachilungamo, chifukwa munthu amene wadina yekha wanena kale kumene afuna kupita, koma pulogalamu yodzuka payokha ilibe ufulu womuchotsa pa ntchito imene waikapo mtima.

Xfce, mnzake wa KDE ndi GNOME, inasiya zonse m'manja mwa mwini kompyuta: kukoka windo, kulitsatira, kapena kusachita kanthu. Apple, pobweretsa zipinda zake zotchedwa Spaces mu 2007, inasankha kunyamula munthu, ndipo anthu atadandaula inaika pozimitsira khalidwelo mu Mac OS X 10.5.3. Windows 10, imene inadza mu 2015, inalambalala mlanduwo posonyeza pa taskbar mawindo a desktop imene munthu alipo yokha, pokhapokha atasintha yekha.

Kwa ine kukoka windo ndiko kolemetsa koposa, pakuti mwini wake analikhazika m'chipindacho mwadala, ndipo taskbar ikamalisamutsa nthawi iliyonse likadinidwa, dzuwa lisanalowe mawindo onse adzakhala ataunjikananso pa desktop imodzi.