Mkuwa Unadzuka, Anthu Natsala pa Chipata

Munthu amene akanadutsa m'nkhalango za dziko la Alamba, kumpoto kwa Northern Rhodesia, m'chaka cha 1930, akanaona zinthu zimene makolo a dzikolo sanazilotepo: mitengo ikugwa usana ndi usiku, njerwa zikupsa m'mauvuni, njanji ikutambasuka kuchokera ku Ndola, ndi maenje akuya akukumbidwa ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Chambishi, pakuti pansi pa nthaka imeneyo panapezeka mkuwa wochuluka koposa. Makampani awiri akuluakulu, Anglo American ya Sir Ernest Oppenheimer ndi Rhodesian Selection Trust ya Chester Beatty, anali pa liwiro lomanga migodi, ndipo manja anawachepera kotero kuti anakhazikitsa bungwe lotumiza anthu m'midzi yakutali kukakopa amuna kuti adzagwire ntchito. Chaka chimenecho anthu akuda olembedwa pa migodiyi anafika pafupifupi 30,000: Abemba, Abisa, Alozi, Ansenga, Angoni ndi Achewa a ku Fort Jameson, kudzanso Atonga, Atumbuka ndi Amang'anja ochokera ku Nyasaland.

Koma chimphepo chimene chinayambira m'misika ya ku New York mu 1929 sichinachedwe kufika. Mtengo wa mkuwa, umene unali masenti 18 a ku America pa paundi imodzi ya kulemera kwake kuchiyambi kwa 1930, unatsika kufikira pafupifupi masenti 5 mu 1932, ndipo chaka chomwecho boma la America linaika msonkho wa masenti 4 pa mkuwa wochokera kunja, kutseka potero khomo la msika waukulu. Mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa mu 1931. Nchanga unadzaza madzi mu September chaka chomwecho nusiyidwa. Chambishi ndi Mufulira inaimitsidwa. Inatsala Roan Antelope ya ku Luanshya ndi Nkana zokha. Pofika kumapeto kwa 1932 anthu akuda otsala pa ntchito anali pafupifupi 7,000, ndipo azungu, amene anali oposa 3,000, anatsala pafupifupi 1,000. Bungwe lokopa anthu lija linaleka ntchito yake, popeza amene dzulo ankanyengereredwa ndi mabulangete tsopano anali kuima okha pa chipata cha komboni m'bandakucha, chitupa chili m'manja.

Za kugwako ambiri alemba. Chimene chiyenera kulingaliridwa mofatsa ndicho kadzukidwe kake, pakuti mvula yoyamba sigwera minda yonse tsiku limodzi, ndipo pali minda ina imene imaidumpha kufikira mbewu zitapserera. Mkuwa unachira msanga ndithu. Mufulira unatsegulidwanso mu 1933; mu 1935 makampani a mkuwa a m'maiko osiyanasiyana anapangana zochepetsa kakumbidwe kuti mtengo ukwere; ndipo pamene maiko a ku Ulaya anayamba kusula zida za nkhondo, mkuwa unafunika kwambiri kotero kuti pofika 1938 migodi ya dzikoli inali kutulutsa matani oposa 200,000 pa chaka, pomwe mu 1930 inali isanayambe n'komwe kutulutsa kwenikweni. Komabe chiwerengero cha antchito akuda sichinabwerere pamene chinali mu 1930 kufikira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba kale. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona: khamu la 1930 linali la omanga, ndipo mgodi ukamangidwa sufunanso odula mitengo, oumba njerwa ndi onyamula dothi m'mabasiketi, ufuna anthu ochepa odziwa za pansi.

Oyamba kuitanidwa, motero, anali amuna ozolowera mdima ndi chitungu cha kumgodi, odziwa kugwira makina oboola thanthwe, kuchirikiza denga ndi mitengo, kupakira miyala ndi fosholo mosataya nthawi, pamodzi ndi makapitawo odziwa kuyendetsa gulu. Ambiri a iwo anaphunzira ntchitoyo kale ku Katanga, ku Wankie, ku Broken Hill, ena ku Joni komwe, ndipo chitupa chosonyeza kuti munthu anagwirapo pansi chinali chuma choposa mphamvu za m'mapewa. Bwana wa komboni, amene kale ankalandira aliyense wokhala ndi miyendo iwiri, tsopano anali kusankha monga afunira, ndipo anazindikira kuti munthu wokhalitsa, makamaka wokhala ndi mkazi pakomboni, amagwira bwino, sadwaladwala, ndiponso sathawa. Koma tisaganize kuti luso lawo linawabweretsera malipiro oyenera. M'masiku a mavuto malipiro oyambira anadulidwa: wa pamwamba, amene ankalandira masheleni 17 ndi makobiri 6 pa tikiti ya masiku 30, anatsikira pa masheleni 12 ndi makobiri 6, wa pansi anachoka pa masheleni 30 nafika pa 22 ndi makobiri 6, ndipo mkuwa utakweranso, phindu la eni migodi litachuluka, malipiro oyambirawo anakhala pomwepo kufikira 1940. Ntchito inabwerera, koma inabwerera yotsika mtengo.

Panalinso gulu lina laling'ono, limene anthu a ku Malawi ayenera kulikumbukira, la alembi, omasulira, othandiza m'zipatala, akalipentala ndi omanga nyumba, ambiri a iwo ophunzira ku Livingstonia ndi ku Blantyre, ena ku sukulu za mishoni za ku Barotseland. Amisiri a matabwa ndi njerwa ndiwo anavutika kwambiri, popeza ntchito yawo inatha pamodzi ndi kumanga. Koma alembi otsalawo anagwiritsitsa mipando yawo, podziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pamene maofesi anakulanso iwo anali kale m'kati. Kukhala pafupi ndi bwana kumeneku kunali ndi mtengo wake, pakuti antchito a pansi, makamaka Abemba, ankawaona ena mwa alembiwo ngati maso ndi makutu a kampani. Ndipo ine ndiyesa kuti mkwiyo umenewo sunali wa mtundu ndi mtundu kwenikweni, koma wa munthu wotuluka thukuta poyang'ana mnzake wovala malaya oyera amene mavuto anamulambalala.

Nanga khamu lija lopanda luso linapita kuti? Ena anakhala m'makomboni mozemba, akudya phoso la abale awo, natchedwa malova. Ambiri anabwerera kumudzi wapansi, kumene msonkho unali kuwadikira ngakhale ndalama kunalibe. Apa ndi pamene zigawo zinasiyana. A kumpoto, m'dziko la Abemba, anatayikiridwa kawiri, popeza kampani ya Union Minière ya ku Katanga, imene inali kuwalemba kwa zaka zambiri, inaleka kutenga anthu a ku Northern Rhodesia pa nthawi yomweyo. Chimene chinawapulumutsa ena ndi golide wa ku Lupa, ku Tanganyika, kumene malipiro anali ochepa ndi matenda ochuluka. A kum'mawa ndi a ku Nyasaland anayang'ana kum'mwera, chifukwa golide, mosiyana ndi mkuwa, anakwera mtengo pamene Britain inaleka kumangirira ndalama yake ku golide mu 1931, ndi South Africa mu 1932. Timigodi ta ku Southern Rhodesia tinachuluka, ndipo Wenela, wolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, amene analetsedwa mu 1913 kutenga anthu a maiko a kumpoto ngati Nyasaland chifukwa cha imfa zambiri za chibayo, analoledwanso kuwatenga m'zaka za m'ma 1930. Komiti ya Lacey, imene inafufuza za machona mu 1935, inapeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Kwa mlimi wa ku Mzimba kapena ku Dedza, kudzuka kwa chuma kunatanthauza ulendo wautali kuposa woyamba uja, ndi mkazi wotsala yekha ndi khasu.

Azungu nawonso analawa ulova, ndipo boma linabweza ambiri kwawo pa ndalama zake, posafuna kuti anthu akuda aone mzungu wopemphetsa. Iwo amene anabwerera migodi itadzuka anapeza kuti anthu akuda aphunzira kuyendetsa magalimoto, ena ali ndi ziphaso zophulitsira miyala, ndipo anachita mantha kuti kampani idzawataya nitenga wantchito wa mtengo wochepa. Mwa mantha amenewa anakhazikitsa bungwe lawo la antchito a m'migodi mu 1936, mothandizidwa ndi anzawo a ku South Africa, ndipo m'zaka za nkhondo anakakamiza makampani kuvomera kuti ntchito zaluso zikhale za mamembala a bungwelo okha. Potero makwerero amene munthu wakuda anayamba kukwera m'masiku a njala anadulidwa pakati m'masiku a zokolola.

Anthu sanakhale chete. Mu May 1935, boma litakweza msonkho wa m'madera a migodi kufika pa masheleni 15, antchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope ananyanyala ntchito, uthenga ukuyenda kudzera mwa ovina mbeni, ndipo pa 29 May anthu 6 anaphedwa ndi zipolopolo za apolisi ku Luanshya. Mu 1940, ataona kuti azungu anyanyala napatsidwa zimene anafuna, antchito akuda nawonso anaima ku Nkana ndi ku Mufulira, napempha kuti azungu alowe okha pansi tsiku lawo, iwonso alowe okha tsiku lawo, kuti zioneke amene amatulutsa mkuwa. Pa 3 April asilikali anawombera ku Nkana, ndipo anthu 17 anataya moyo. Malipiro anakwezedwa pang'ono pambuyo pa kafukufuku wa Forster, koma khomo la ntchito zaluso linakhalabe lotseka. Mu 1949 antchito akuda anapanga bungwe lawo motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munali mu 1955, patapita zaka zoposa 20 chitsegulidwirenso Mufulira, pamene ntchito zowerengeka zimene zinali za azungu okha zinayamba kuperekedwa kwa anthu akuda.